Cham'mimba chosamva mankhwala: mafunso ndi mayankho pa ululu wa endometriosis

Kwa Kaduya, monga kwina konse ku Phalombe, mtsikana akatha msinkhu amalangizidwa zambiri: kudzisamalira, kulemekeza akulu, kusathira mchere m'ndiwo akakhala kumwezi. Ikafika nkhani ya ululu, langizo limafupika: "Pirira mwanawe, ndiwo ukazi." Kwa ambiri mawuwa sawononga kanthu, poti cham'mimba chawo chimabwera tsiku limodzi kapena awiri n'kupita. Koma alipo ena amene mwezi uliwonse amagona pamphasa atadzipinda ngati bongololo, akusanza, sukulu atajomba, nandolo akuthetheka m'munda wopanda womukolola. Ena mwa iwowa ali ndi endometriosis, matenda amene bungwe la WHO likuti amagwira mkazi mmodzi mwa 10 alionse a msinkhu wobereka, pafupifupi 190 miliyoni padziko lonse.

Kodi endometriosis n'chiyani kwenikweni?

M'kati mwa chiberekero muli kachikopa kofewa kamene kamakhuthala mwezi uliwonse kukonzekera mimba. Mimba ikapanda kubwera kamasupuka n'kutuluka ndi magazi, ndiwo msambo umenewo. Pa endometriosis, timinofu tofanana ndi kachikopa aka timamera kunja kwa chiberekero: pa matumba a mazira, kuseri kwa chiberekero, pa chikhodzodzo, pa matumbo, ndi pa kansalu kopyapyala kamene kamakuta ziwalo za m'mimba. Tina timangokhala timadontho tonga njere za mapira. Tina timapanga chotupa m'thumba la mazira, chodzaza magazi akale okhuthala onga chokoleti chosungunuka. Tinanso timaboola n'kulowa pansi kupitirira mamilimita 5, ndipo timeneti ndi timene timazunza koposa.

Timinofuti timamvera mahomoni monga chimachitira chiberekero. Nyengo ya kumwezi ikafika timatupa, timachucha. Magazi a msambo ali ndi khomo lotulukira, awa alibe.

Si khansa, ndipo sapatsirana.

Nanga timakafika bwanji kumeneko?

Mu 1927 dokotala wa ku Albany m'dziko la America, John Sampson, anafotokoza kuti magazi ena a msambo, m'malo motsika, amabwerera cham'mbuyo kudzera m'machubu a mazira n'kukathirikira pakati pa ziwalo, atanyamula tizidutswa tamoyo ta kachikopa kaja. Pambuyo pake zinadziwika kuti zoterezi zimachitikira akazi pafupifupi 9 mwa 10 alionse, koma mwa ambiri asilikali a m'thupi amasesa tizidutswato tisanagwire. Mwa ena osesawo amalephera, tizidutswa n'kumera. Matendawa amayendanso m'magazi a kumtundu: amene mayi ake kapena mchemwali wake ali nawo, mwayi woti akhale nawo umakula. Mchere wa m'ndiwo, chiwerewere kapena nsanje ya oyandikana nawo sizilowapo.

Cham'mimba aliyense amamva. Ichi chasiyana pati?

Cham'mimba wamba chimachokera ku timadzi totchedwa prostaglandin, timene chiberekero chimatulutsa msambo ukamayamba. Timadziti timachititsa chiberekero kudzifinya ngati mmene tifinyira chitenje pochapa. Pofinyapo mitsempha ya magazi imapanika, mnofu n'kusowa mpweya wokwanira, ndiye umawawa monga amawawira akatumba a wakabaza pokwera chitunda ndi thumba la chimanga. Pakapita masiku awiri kapena atatu prostaglandin amachepa, ululu n'kutha.

Cha endometriosis chimalawirira, msambo usanayambe n'komwe, ndipo chimatsalira msambo utatha. Kawirikawiri chimanka chikula ndi zaka, ndipo sichibwera chokha. Chimatenga anzake: kuwawa podzithandiza, kuwawa pokodza, kuwawa pokhala malo amodzi ndi bambo, kutupikana m'mimba, kufooka kosatha.

Timadontho tonga mapira tingagwetse bwanji munthu wamkulu?

Magazi akatayikira posayenera, thupi limayesa kuti pagwa ngozi. Limatumiza asilikali, makamaka maselo akuluakulu odya zinyalala otchedwa macrophage. Iwowa akafika amamwaza timadzi toitanira anzawo, monga TNF-alpha ndi interleukin, ndipo pamalopo pamatupa, pamafiira, pamatentha. Magazi aja akamaphwanyika amasiyanso ayironi, amene amanyerenyetsa minofu yozungulira. Pa bala wamba nkhondo yotere imatha pakapita masiku, bala n'kupola. Pano mwezi wotsatira pamachuchanso. Chili ngati chilonda chimene nkhanambo yake imasupulidwa mwezi ndi mwezi kwa zaka 20 kapena 30.

Chodabwitsa china n'chakuti timinofuti sitidikira chakudya chochokera kutali. Homoni imene imatikuza ndi estrogen, imene kwenikweni imapangidwa m'matumba a mazira. Koma timinofu ta endometriosis tili ndi chipangizo chawochawo, aromatase, chimene chimaphika estrogen pomwepo. Estrogen ameneyu amadzutsa chipangizo china, COX-2, chimene chimapanga prostaglandin. Prostaglandin nayenso amabwerera kukakoleza aromatase. Wina akukankha mnzake, mnzakeyo akukankha woyamba uja, osaleka.

Thupi lili nayo homoni yoletsa zoterezi, progesterone, imene ntchito yake ndi kuziziritsa mphamvu ya estrogen. Tsoka ilo, timinofuti timaimva pang'ono chabe. Aliyense amene anatsikapo chitunda pa njinga yoduka mabuleki akudziwa mmene zimathera.

Koma kutupa kokha si ululu. Uthenga wa ululuwo umayenda bwanji?

Apa tisiyanitse kaye. Pa Chichewa mawu oti mtsempha timatchulira zinthu ziwiri: wonyamula magazi, ndi wonyamula uthenga kupita nawo ku ubongo. Popanda mtsempha wa uthenga palibe ululu, n'chifukwa chake kumeta tsitsi kapena kuwenga zikhadabo sikuwawa.

Kwa zaka zambiri madokotala ankaganiza kuti timinofu ta endometriosis timangokhala pamwamba ngati ndere pamwala. Mu 2004 Karen Berkley ndi anzake a ku Florida State University anaonetsa kuti si choncho. Anasokerera tizidutswa ta chiberekero m'mimba mwa makoswe, ndipo titakula anapeza kuti tamera mitsempha yake ya uthenga. Zomwezo zinapezekanso m'timinofu tochotsedwa mwa amayi pa opaleshoni, ndipo timene tinalowa pansi tija ndi timene tinali ndi mitsempha yothithikana.

Mlimi wa ku Phalombe amadziwa kaufiti. Pamwamba ndi kaudzu ka maluwa ofiira kooneka kosalakwa, koma pansi kalumikiza mizu yake ku mizu ya chimanga. Timinofuti timachita zofanana: timatulutsa timadzi toitana mitsempha ya magazi kuti itibweretsere chakudya, ndi tina, makamaka NGF, toitana mitsempha ya uthenga kuti imere kulowa mwa ito. Zikatero kadontho kaja kali ndi lamya yakeyake yoimbira ku ubongo. Mitsempha yatsopanoyi siingotumiza uthenga basi. Ikatekeseka imalavula timadzi take, substance P ndi CGRP, timene timawonjezera kutupa ndi kusokoneza ntchito ya ma macrophage aja. Asilikali akuputa mitsempha, mitsempha ikuputa asilikali.

Amayi ena amati m'chinena mukutentha ngati mwathiridwa tsabola. Kodi sakukokomeza?

Ayi, ndipo akulondola kuposa mmene akudziwira. Kunsonga kwa mitsempha ya ululu kuli timakomo ting'onoting'ono timene timatseguka pakachitika choopsa. Kamodzi mwa ito ndi TRPV1, kamene David Julius anakatulukira mu 1997, ntchito imene inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2021. Kakhomo aka kamatseguka kutentha kukapitirira madigiri 43, komanso kakakhudzidwa ndi mankhwala amene ali mu tsabola. Kambuzi amawotcha lilime chikhalirecho iye ndi wozizira, chifukwa amatsegula khomo lomwelo limene moto umatsegula.

Prostaglandin ndi NGF amafewetsa loko wa kakhomo aka, moti kutentha wamba kwa thupi, madigiri 37, kungakwanire kukatsegula. Ndipo mitsempha ya pafupi ndi timinofu ta endometriosis imapezeka ili ndi timakomo totere tochuluka. Taganizani za chala chimene chapsa ndi mphika: madzi ofunda amene dzulo munasamba bwinobwino, lero akuluma. Madziwo sanasinthe, chasintha ndi chala. M'chiuno mwa mayi wa endometriosis zinthu wamba, monga kudzaza kwa chikhodzodzo, kuyenda kwa chakudya m'matumbo, kugwedezeka pa njinga m'msewu wa mabampu, zimasanduka ululu mwa njira yomweyo.

Chifukwa chiyani ena amamva kuwawa mwezi wonse, ngakhale sali kumwezi?

Uthenga wa ululu suthamangira ku ubongo mwachindunji. Umayamba waima m'mtsempha waukulu wa m'kati mwa msana, mmene maselo ena amaulandira n'kuupatsira m'mwamba. Kale anthu ankayesa kuti maselowa ndi amtengatenga chabe. Mu 1983 Clifford Woolf, wobadwira ku South Africa koma akugwira ntchito ku London, anaonetsa kuti maselowa amasintha akamalandira uthenga wa ululu mobwerezabwereza. Amayamba kuyankha msanga, kuyankha mokweza, ndi kupitiriza kufuula chowaputa chitachoka kale.

Zili ngati kanjira kachidule kodutsa m'munda. Woyamba kudutsa amavutika ndi udzu. Akadutsa anthu zana, kanjira kaja kayera, ndipo ngakhale mwinimunda atatseka ndi minga, mapazi amalowera komweko. Mitsempha imene yanyamula ululu mwezi ndi mwezi kuyambira mtsikana ali Sitandade 7 mpaka ali mayi wa zaka 28 yapondeka chimodzimodzi. Ubongo uli nayo njira yotumizira mawu pansi oti "chepetsani phokoso", pogwiritsa ntchito timadzi take toziziritsa ululu, koma mwa anthu amene amva kuwawa nthawi yaitali njira imeneyinso imafooka.

Ubongo weniweniwo umasintha. Mu 2012 Sawsan As-Sanie ndi anzake a ku University of Michigan anajambula ubongo wa amayi ndi makina a MRI. Mwa amene anali ndi ululu wa m'chiuno wokhalitsa, zigawo zina za ubongo zoona za ululu zinali zitachepa. Mwa amene anali ndi endometriosis koma osamva ululu wotere, kuchepako kunalibe.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi langizo lija loti pirira. Anamkungwi amanena mwachikondi, ndipo pa zowawa zambiri za moyo amalondola. Koma mitsempha siizolowera ululu monga phewa lizolowerera mtolo wa nkhuni. Iyo imauphunzira, n'kumautulutsa mosavuta chaka ndi chaka. Ngakhale m'maiko olemera, mkazi amatha zaka 7 kapena kuposerapo asanauzidwe dzina la matenda ake, ndipo zaka zonsezo kanjira kaja kakupondedwa.

Ndiye kuti ululuwo uli m'mutu basi?

Ululu uliwonse, ngakhale wa dzino, umamvekera mu ubongo. Kunena kuti mitsempha ya msana yasintha si kunena kuti munthu akunamizira. Ndi kusintha kwa thupi kumene akatswiri amatha kukuyeza. N'zoona kuti nkhawa, kusowa tulo ndi mikangano ya m'banja zimakweza ululu, poti zimafooketsa njira yoziziritsa ija. Koma sindizo zinadzala timinofu tija.

Nanga matumbo, chikhodzodzo, mwendo, zikulowapo bwanji?

Njira ndi zingapo. Nthawi zina timinofu tamera pa chiwalo chenichenicho, monga pa thumbo lotsiriza, ndiye chimbudzi chikamadutsa pa nthawi ya msambo chimakhala ngati mpeni. Nthawi zina kutupa kwa zaka kwasiya zipsera zimene zimamata ziwalo ngati ulimbo, chiberekero kumatirira ku thumbo, thumba la mazira kumatirira kukhoma, moti chimodzi chikasuntha chimakoka chinzake.

Koma chiwalo chingathe kuwawa chili chabwinobwino. Mitsempha ya chiberekero, ya chikhodzodzo ndi ya matumbo imakalowa pa malo oyandikana m'msana, ndipo imagawana maselo olandira uthenga. Maselowo akakwiya chifukwa cha chiberekero, uthenga wamba wochokera ku chikhodzodzo nawonso amaukuza. Nyumba zoyandikana za udzu, ikapsa imodzi inzake siikhala pa mtendere. Ubongo umasokonezekanso posadziwa kwenikweni kumene uthenga wachokera, ndiye umaloza kumsana, m'ntchafu, ngakhale paphewa ngati timinofu tamera m'mwamba pa mnofu wopumira umene uli pansi pa mapapo.

Palinso minofu ya pansi pa chiuno. Munthu akamayembekezera kuwawa imakungika ngati chibakera, ndipo ikakhala yokungika miyezi yambiri imayamba kuwawa payokha. Izi, pamodzi ndi timinofu tomera kuseri kwa chiberekero kumene kumagundidwa pokhala malo amodzi, ndizo zimachititsa amayi ena kuopa usiku. Mkamwini amadandaula, nkhani imafika kwa ankhoswe ngati ya mwano kapena ya chibwenzi chamseri, chikhalirecho ndi ya kuchipatala.

Anandijambula pa sikani n'kunena kuti mulibe kanthu. Ndiye kuti ndilibe matendawa?

Sikani imaona bwino chotupa cha m'thumba la mazira, ndipo m'manja mwa katswiri ingaonenso timinofu tolowa pansi. Timadontho ta pamwamba siitiona. Komanso kukula kwa matenda ndi kukula kwa ululu siziyendera limodzi. Madokotala amagawa endometriosis m'magawo anayi, koma mayi wa gawo loyamba angathe kukomoka ndi ululu, pamene wa gawo lachinayi angadziwike pokhapokha akufufuza chifukwa chosowera mphatso. Chimene chimalamula ululu ndi pamene kamnofu kakhala, kuzama kwake, mitsempha imene kakoka, ndi mmene msana waphunzirira.

Tinkamva kuti awa ndi matenda a azungu. Zoona?

Bodza limeneli linachokera kwa madokotala eniake. Cha m'ma 1930 ndi 1940 ku America kunafala maganizo oti endometriosis ndi ya akazi achizungu opeza bwino amene amachedwa kubereka. Mkazi wakuda akabwera ndi ululu womwewo ankangomuganizira matenda opatsirana pogonana. Mu 1976 Donald Chatman, dokotala wa ku Chicago, analemba kuti atasuzumira m'mimba mwa amayi akuda ndi kachipangizo koonera m'kati, anapeza endometriosis mwa ambiri, ndipo ena mwa iwo anali atauzidwa kale kuti ali ndi matenda a m'chiberekero obwera ndi tizilombo.

Kwathu kuno chisokonezo chotere n'chosavuta, chifukwa matenda ofanana nawo alipodi. Chinzonono chosachizidwa chimakwera n'kutupitsa machubu. Kuchigwa cha Phalombe ndi m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, kumene amayi amakhalitsa m'madzi pobzala mpunga ndi pochapa, kulinso likodzo, limene mazira ake amakhazikika pa khomo la chiberekero n'kubweretsa kuwawa m'chinena ndi pokhala malo amodzi. Adokotala sakulakwa kuyamba ndi zimenezi. Koma mayi akamwa maantibayotiki kachitatu, wamwanso praziquantel wa likodzo, ululu n'kumabwerabe motsatira mwezi, nthawi yakwana yoganizira dzina lina.

Akuluakulu amati ukabereka zimatha.

Mimba imaimitsa msambo ndipo imadzaza thupi ndi progesterone kwa miyezi 9, kuyamwitsa n'kuwonjezerapo miyezi ina. Ambiri amapumuladi. Koma msambo ukabwerera, mwa ambiri ululu umabwereranso. Kukankhira mtsikana wa Fomu 2 kubanja kuti cham'mimba chithe n'kumusenzetsa katundu wachiwiri woyamba asanatule. Tikumbukenso kuti matenda omwewa amavutitsa ena kutenga mimba, ndiye langizoli limawabaya pawiri. Chimene chimaziziritsadi matendawa mwa ambiri ndi kusiya kusamba, estrogen akatsika.

Mankhwala amene tili nawo amagwira pati?

Bufeni ndi indosidi amatseka COX, chipangizo chopanga prostaglandin chija. N'chifukwa chake amagwira bwino mukawayamba msambo ukangoonetsa zizindikiro, prostaglandin asanachuluke, kusiyana ndi kudikira mpaka mutagwa. Amwereni pa chakudya, ndipo amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena ali oyembekezera afunse kaye adokotala. Panado amachepetsa ululu koma kutupa sakukhudza kwenikweni. Botolo la madzi otentha lokulunga m'chitenje limamasula minofu yokungika, musalinyoze.

Njira zolera za mahomoni, monga mapiritsi, jakisoni wa Depo wa miyezi itatu, Implanon ndi Jadelle, zimagwira pa muzu wina. Zimaletsa kukwera ndi kutsika kwa mahomoni, zimafotetsa timinofu tija, ndipo mwa ambiri zimachepetsa kapena kuimitsa msambo, nkhanambo ija n'kuleka kusupulidwa. Ambiri amaopa kuti msambo ukaima magazi akuunjikana m'mimba. Saunjikana: kachikopa kaja sikanakhuthale, ndiye palibe choti chituluke. Lupu ya kopa ndiyo ilibe mahomoni, ndipo ingawonjezere cham'mimba.

Opaleshoni yochotsa timinofu ndi kumasula zomatirira imathandiza ambiri, koma matenda angathe kumeranso, ndipo ngati msana unaphunzira kale ululu, mpeni sufikako. N'chifukwa chake ena amamvabe kuwawa ngakhale atachotsedwa chiberekero. Pamenepo pamafunika zina: mafizo a minofu ya m'chiuno, tulo tokwanira, kuyenda pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ndi mankhwala okhazika pansi mitsempha amene adokotala angasankhe.

Ndili kwa Kaduya, ndipo zonsezi zikundikhudza. Ndiyambire pati?

Simufunika kudikira opaleshoni kuti muthandizidwe. Mu 2022 bungwe la akatswiri a zaubereki ku Ulaya, ESHRE, linanena kuti adokotala angathe kuyamba kupereka mankhwala potengera zizindikiro ndi kupima, popanda kuyamba asuzumira m'mimba. Bufeni ndi njira zolera zimaperekedwa ngakhale m'zipatala zazing'ono za kumudzi.

Gulani kope. Kwa miyezi itatu lembani tsiku limene ululu wayamba, tsiku limene msambo wayamba ndi kutha, pamene pakuwawa, mankhwala amene mwamwa, ndi masiku amene mwalephera kupita kusukulu, kumunda kapena kumsika. Tengani kopelo pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Ngati pachipatala chapafupi sizikutheka, pemphani kalata yopita ku chipatala chachikulu cha boma ku Migowi kapena ku chipatala cha Holy Family, ndipo zikafunika akatswiri a matenda a amayi, ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ululu woopsa wobwera mwadzidzidzi, makamaka mutadumphitsa msambo, usalembedwe m'kope: thamangani tsiku lomwelo, ingakhale mimba yokhala m'chubu.

Mukalowa m'chipinda cha adokotala musangoti "m'mimba mukundipweteka". Nenani kuti ululuwo umatsatira mwezi, nenani zaka zimene mwakhala nawo, tchulani ndi zochititsa manyazi zomwe, ndipo funsani mosaopa kuti, "Adokotala, kodi singakhale endometriosis?" Inu amayi, azakhali ndi anamkungwi, mwana akamadzipinda pamphasa mwezi uliwonse, muperekezeni.